Dazi Langa ndi Chithunzi cha Apongozi

1976 mpaka 1993

Ana anga, zaubwana wanga ndizisiya, mulibe chimene mungatolemo. Ndiyambira pa ntchito. Nditamaliza maphunziro a zachipatala ananditumiza ku kachipatala kakang'ono kufupi ndi Lobi, kumene ndinali ine ndemwe wolemba mankhwala, wobaya jakisoni, wotsuka mabala, nthawi zina ndi wokumba dzenje la zinyalala. Anthu ankanditchula adokotala, ine osakana, ngakhale pepala langa linkati ndine wothandizira chabe. Kumeneko ndi kumene ndinapeza amayi anu. Bambo awo, agogo anu a Pankrasio, anali mmisiri wojambula zithunzi za m'tchalitchi. Anaphunzira kwa ansembe akale, ndipo matchalitchi ang'onoang'ono ambiri a m'mapiri muno anali ndi Njira ya Mtanda yochokera m'manja mwawo. Pa ukwati wathu anatipatsa chithunzi cha Banja Loyera, chojambulidwa pa thabwa lalikulu ngati chitseko cha kabati. Anachisenza okha kuchokera kwawo, n'kuchikhomera okha pabalaza pathu.

Ndinene pano, poti ndakalamba: chithunzi chimenecho sindinachikonde chiyambire tsiku loyamba. Yosefe woyera anali ndi manja aakulu ngati a munthu wosula makasu, Mariya ankayang'ana kumbali ngati wamva kuti ndiwo zikupserera, ndipo khandalo nkhope yake inali ya munthu wamkulu wokhometsa msonkho. Koma mkamwini anganene zimenezo? Apongozi akabwera ankaima patsogolo pake, manja kumbuyo, n'kufunsa ngati utoto sunayambe kusuluka, ine n'kuyankha kuti chikungokongolerabe. Posamuka paliponse chinkayamba ndicho kukwera lole, chitakulungidwa m'bulangeti labwino kuposa limene tinkafunda.

Patapita zaka, akuluakulu anaona kuti ndinali ndi mtima woleza ndi odwala khunyu, amene anzanga ambiri ankawaopa, ndiye ananditumiza kutauni kukaphunzira makina ojambula mafunde a ubongo. Musaganize zapatali. Ubongo wa munthu umatulutsa timagetsi tating'ono. Ukamata timawaya pamutu, makina amatimva, ndipo tizolembera timakanda mizere yokwera ndi yotsika papepala loyenda. Wodziwa akayang'ana mizereyo amaona ngati munthuyo ali ndi khunyu. Ntchito yake ndi imeneyo basi. Makinawo saona tchimo, saona bodza, saona chimene wadya. Mfundo imeneyi muisunge.

1994

Chaka cha mavoti a zipani zambiri ndinasamutsidwira ku chipatala china cha mishoni kumtunda kuno, mbali ya Bembeke, kumene anthu akufuna kwabwino anali atapereka makina akale otere koma panalibe wowadziwa. Bwana wanga anali Sisitala Benadeta, mayi wamfupi, woyenda mofulumira, amene ankatha kukudzudzula akumwetulira mpaka iwe n'kuthokoza. Zosowa zinali zambiri. Pepala likatha ndinkalitembenuza n'kujambula kuseri. Phala lomatira mawaya litatha ndinayamba kuphika langa la ufa wa chinangwa ndi mchere, ndipo linkagwira ndithu, kungoti ntchentche zinkalikonda. Magetsi akazima tinkadikira jenereta, jenereta nayo inkadikira dizilo, ndipo dizilo ankadikira kuti Sisitala akhululukire dalaivala.

Vuto lalikulu linali mantha. Kunamveka mphekesera yoti makina anga amaona chipani chimene munthu ali nacho mumtima. Bambo wina wa ku Linthipe anabwera ndi mwana wake wakugwa, koma atangoona mawaya anati iye sanavotere aliyense, dzanja linangoterereka. Ndinatha miyezi ndikuyenda m'mipingo kulalikira kuti makinawa ndi osaona, ndi osamva, amangodziwa khunyu. Pang'ono ndi pang'ono anthu anandikhulupirira.

1996, nyengo yachisanu

Kenaka kunabwera Dokotala Marita, mayi wamtali wochokera ku Ulaya, ali ndi kompyuta, makina oonetsera zithunzi pakhoma, ndi majuzi ochepa kwambiri poyerekeza ndi chisanu cha kwathu kuno. Sanabwerere khunyu ayi. Iye ankafuna kudziwa chimene chimachitika mu ubongo munthu akaona chithunzi chokongola, ndiponso ngati chimachitika mofanana kwa mlimi wa kachewere wa ku Dedza ndi kwa munthu wa kwawo. Njira yake inali iyi: munthu amatidwe mawaya, aonetsedwe zithunzi chimodzichimodzi, ndipo pa chilichonse anene ngati wachikonda kapena ayi. Mafunde a ubongo ndi mayankhowo azilowa mu kompyuta. Kompyutayo ikaona zitsanzo zambiri imaphunzira yokha, monga mmene mwana amaphunzirira kudziwa kuti bambo ake akwiya asanayankhule. Pamapeto pake iyenera kumalosera yankho la munthu pongoona mafunde ake. Sisitala anandipereka kwa iye kuti ndikhale womata mawaya komanso womasulira, chifukwa Chichewa chake chinkathera pa moni.

Masabata oyamba zinakanika, ndipo chimene chinatilepheretsa si magetsi kapena phala. Anali ulemu wathu. Aliyense amene tinamukhazika pampando ankati zithunzi zonse n'zabwino. Mahatchi m'chipale chofewa, n'zabwino. Mayi wovala chipewa cha nthenga, n'zabwino. Chinthu china chongothimbirira utoto ngati pamene pagwera chidebe cha penti, n'chabwino kwambiri, zikomo. Dokotala Marita ankagwira mutu. Anati kompyuta singaphunzire kusiyanitsa ngati yankho ndi limodzi lokhalokha. Ndinamufotokozera kuti kuno munthu sangauze mlendo pamaso kuti katundu amene wachoka naye kutali ndi wonyansa, ndipo ukafunsa mobwereza amangowonjezera kuyamikira poganiza kuti poyamba sanayamikire mokwanira.

Nzeru inandibwerera ine, ndipo ndinanyada nayo kwambiri, kunyada kumene kunadzandigwetsa. Anthu anali atangophunzira kumene kuvota mwachinsinsi, ndipo anali ataona kuti munthu ukhoza kukana wamkulu popanda kumuyang'ana m'maso. Ndinabwereka kwa Sisitala timakapu togawira mankhwala, n'kutindandalika pathabwa, n'kufunditsa chitenje pamwamba. Chithunzi chikaoneka, munthu ankalowetsa dzanja pansi pa chitenje n'kuponya m'kakapu nyemba ngati wachikonda, kapena njere ya chimanga ngati sanachikonde. Ife tinkayang'ana kumbali, ndipo thabwalo linkapita kwa Dokotala lopanda dzina la munthu. Abale inu, chimanga chinagwa! Amayi omwe aja ankati zonse n'zabwino anatha chimanga cha m'mbale, n'kupempha china. Dokotala Marita anavina m'chipinda muja, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankanditchula pulofesa.

Pa anthu onse, amene kompyuta inamuphunzira bwino kwambiri ndinali ine, chifukwa cha dazi langali. Pamutu pa anthu atsitsi mawaya ankavuta kugwira, koma panga ankamata ngati sitampa pa envulopu. Choncho tsiku lililonse lopanda odwala ndinkakhala pampando ndekha, kuona zithunzi, kuponya nyemba ndi chimanga, mpaka kompyuta inayamba kundilosera bwino kuposa amayi anu. Inkaphonyabe ndithu, kawirikawiri ndithu, koma ine zophonyazo sindinkazikamba kumsika.

Tsiku lina tinamuitanira Dokotala Marita tiyi kunyumba. Atangolowa pabalaza anaima patsogolo pa Banja Loyera, n'kufunsa amene anajambula. Ine, pozolowera, ndinayamba nyimbo yanga ija: ndi apongozi anga, mmisiri wamkulu wa dera lino, chithunzi chimenechi ndimachikonda kuposa chilichonse m'nyumba muno, ndikatopa ndimangokhala pansi n'kumachiyang'ana. Iye anatulutsa kamera n'kuchijambula. Ine amene ndinamuphunzitsa kuti kuno anthu amayamikira mwaulemu, sindinamuuze kuti nanenso ndine wa kuno.

1996, Ogasiti

Ntchito itatsala pang'ono kutha, Sisitala anati anthu amene anatithandiza ayenera kuona chimene chatuluka. Anakonza chionetsero Lamlungu pambuyo pa Misa, m'chipinda chophunzitsira azamba, mazenera atatchingidwa ndi mabulangeti. Kunabwera aphunzitsi, makatekisiti, bambo mfumu a parishi, amayi a m'mabungwe, ndipo pampando wakutsogolo, atavala jekete lawo lakuda la maliro ndi maukwati, panali apongozi. Dokotala Marita ndiye anawaitana mwapadera monga mmisiri wa zithunzi. Ine ndinangoti ndi ulemu wabwino, osaganiza kanthu.

Ndisanakhale pampando ndinayankhula, ndipo ndikakumbukira mawu ake ndimafuna kubisa nkhope ngakhale pano. Ndinati makina awa alibe manyazi ngati ife. Ndinati ife timati zabwino pakamwa, mtima ukuti zoipa, koma awa amafunsa ubongo weniweniwo. Ndinati dziko lasintha, ino ndi nthawi ya ufulu wolankhula, ngakhale ubongo wapeza pakamwa. Anthu anaomba m'manja. Ine yemwe uja, amene ndinatha nsapato kulalikira kuti makinawa ndi osaona ndi osamva!

Tinayamba. Chithunzi chikaoneka pakhoma ndinkachiyang'ana osagwedezeka, kompyuta n'kulemba yankho lake m'Chingerezi, Dokotala n'kuliwerenga mokweza, ine n'kumasulira ndili ndi mawaya kumutu, kenaka n'kunena ngati yalondola. Mahatchi aja: akuti ndachikonda, ndipo n'zoona. Chidebe cha penti chija: akuti sindinachikonde, ndipo n'zoona, anthu n'kufa nazo nseko. China inaphonya, koma ndinavomera kuti yalondola, posafuna kuchititsa manyazi mlendo. Zinkayenda bwino moti amayi ena kumbuyo anayamba kuimba nthungululu.

Ndiye Dokotala anati chomaliza ndi mphatso, chithunzi chimene kompyuta sinachionepo, cha mmisiri amene ali pakati pathu. Pakhoma panatulukira Banja Loyera la pabalaza panga, lalikulu kuposa munthu, manja a Yosefe ngati mafosholo. Anthu anachizindikira, anaomba m'manja, apongozi n'kuweramitsa mutu mwaulemu.  Ndinayesa kuganiza zinthu zokoma, ukwati wathu, kubadwa kwanu, nyama ya nkhumba, chilichonse, koma maso anga anali pa manja aja.

Kompyuta inalemba. Dokotala Marita anayang'ana, n'kutsegula pakamwa, osawerenga. Aphunzitsi aakulu, amene anakhala pafupi ndi kompyutayo ndipo Chingerezi ankachiwerenga bwino, anatsokomola n'kuyamba kuyang'ana nsapato zawo. Aphunzitsi anzawo anasuzumira, wina kuseka kunamupulumuka m'mphuno. 

Apongozi ndiwo anayankhula, mofatsa, monga mwa chikhalidwe chawo. “Akamwini, makinawo akuti bwanji? Zina zonse zija mumatiuza.”

Ndikanatha kunena kuti waya wasomphoka. Ndikanatha kunena kuti magetsi a jenereta asokoneza. Koma theka la anthu akutsogolo linali litawerenga kale, ndipo womasulira ndinali ine. Ndinati, “Akuti sindinachikonde, bambo.”

Iwo anagwedeza mutu pang'ono. “Chabwino, amenewo ndi makina. Nanga inu mukuti bwanji?”

Ana anga, pamenepa ndi pamene pali manyazi anga onse. Munthu wamkulu anandipatsa mpata poyera, kuti ndidzipulumutse ndi kuwapulumutsa iwo. Zinangofunika mawu ochepa, akuti makina aphonya, mawu amene anali ndi umboni, poti ankaphonyadi, ndipo ndinali nditanena mabodza okulirapo kuposa amenewo kwa zaka makumi awiri osaphethira. Koma ndinali ndi mawaya kumutu. Ine, wodziwa bwinobwino kuti tizolembera tija sitiona bodza, ndinagwidwa ndi mantha omwe aja a bambo wa ku Linthipe. Ndinaona ngati ndikangonama, kompyuta ilembanso pamaso pa onse. Ndinali nditakhulupirira ulaliki wanga womwe wa tsiku limenelo. Chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ichi: “Ndimalemekeza ntchito ya manja anu, bambo.”

Palibe munthu wa kuno amene sangamve tanthauzo la yankho lotero. Apongozi anati zikomo. Sanatuluke. Anakhala mpaka pemphero lotsekera, anapita kukagwira chanza Sisitala ndi Dokotala, n'kuyamikira kuti ntchito ndi yabwino kwambiri. Kenaka anavala chipewa chawo n'kunyamuka wapansi, osadikira chakudya chimene amayi anu anawakonzera. Ine ndinatsala pampando, phala la chinangwa likuuma pa dazi, palibe amene anakumbukira kundimasula.

Dokotala Marita anagwetsa misozi. Anati ankafuna kusangalatsa mkuluyo, poti ndinamuuza ndekha kuti ndimachikonda. Anati kompyuta imaphonya, apite akawafotokozere. Ndinamuletsa, chifukwa vuto silinalinso kompyuta. Sisitala Benadeta sananene zambiri. Anangomwetulira n'kunena kuti tsiku lina ndikadzafuna kulalikira ndidzayambe ndapempha bambo mfumu.

Kunyumba amayi anu sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anandipatsa madzi osamba kuti ndichotse phala, n'kuima pakhomo la bafa. Anandifunsa ngati ndikuganiza kuti iwo saona kuti manja a Yosefe ndi aakulu. Anati bambo awo analibe munthu womuyang'ana pojambula, ndiye ankaika dzanja lawo lamanzere patebulo n'kumalijambula ndi lamanja, ndipo manja onse a m'zithunzi zawo ndi awo omwe. Kenaka anati, “Inu mumaona fosholo. Ine ndimaona manja amene anandilera.” Zaka zonsezo sindinafunsepo, ndinkangoyamikira.

Loweruka lotsatira apongozi anabwera ndi njinga yobwereka ndi chingwe. Anakana kukhala pansi. Anati abwera kudzatenga katundu wawo, munthu asamavutike m'nyumba mwake momwe. Ndinagwada, ine bambo wa ana asanu, ndinapepesa, ndinati chisiyeni, ndachizolowera. Mawu akuti ndachizolowera nawonso sanathandize. Anachichotsa okha pamsomali, anakana kuti ndiwagwirire, n'kuchimanga pakaliyala. Anatsanzika bwinobwino, kufunsa za sukulu ya aliyense wa inu, n'kumapita akukankha njingayo pamtunda.

1997 ndi 1998

Dokotala Marita anabwerera kwawo ndi kompyuta yake. Ndinamva kuti zimene tinapeza zinawathandiza ophunzira a kumeneko, makamaka njira ya nyemba ndi chimanga, koma ine ndinalibenso nazo chidwi. Ndinabwerera kwa odwala anga a khunyu, amene makina ankawathandizadi. Nkhani inafala mpaka ku Linthipe. Ndikamagula kabichi, amayi amsika ankafunsana mokweza kuti awafunse bamboyo kapena afunse mutu wawo. Enanu munkabwera kuchokera kusukulu mukulira kuti anzanu akukutchulani ana a Sindinachikonde. Zonsezo ndinapirira, poti zinali zondiyenera.

Chimene sindinapirire ndi ulemu wa apongozi. Sanandidandaulire kwa ankhoswe, sanandinenere mwano, sanaleke kutitumizira nyemba pokolola. Kungoti sanandifunsenso maganizo anga pa chilichonse. Kale akamanga nkhokwe yatsopano kapena kugula mbuzi ankanditengera kukaona, n'kufunsa kuti akamwini mukuiona bwanji. Tsopano ankaonetsa ena, ine ndili pomwepo. Tchalitchi china chatsopano chitawapempha Njira ya Mtanda anakana, akuti maso afooka, chonsecho ulusi ankaulowetsa okha pa singano. Maburashi awo anapereka kusukulu ya pulaimale. Kangapo ndinanyamuka kuti ndikakambe nawo bwinobwino, koma ndikafika tinkakamba za mtengo wa feteleza.

Anamwalira mvula itangoyamba mu 1998, atadwala chibayo masiku ochepa. Pambuyo pa maliro, abale atakhala pansi kuti aone za katundu, ine mkamwini ndinalibe mawu pamenepo, koma ndinapempha chinthu chimodzi kudzera mwa amayi anu: chithunzi chija chibwerere pamsomali wake. Alamu anga anayang'anana. Wamkulu anati chilipo, koma ndikachione ndekha kuseri kwa nyumba.

Kuseri kunali khola la nkhuku, lomangidwa bwino monga zonse za apongozi. Chitseko chake chinali thabwa losalala, lodulidwa bwino ndi sowo, lomangidwa ndi timalamba ta tayala. Kunja kwake kunalibe utoto uliwonse, ndipo poyamba sindinamvetse chimene alamu ananditumira. Ndinagwada m'matope n'kutsegula. Mariya ndi khanda anali mkati, mbali ya nkhuku, ndi dzanja limodzi la Yosefe, linalo linapita ndi sowo. Thabwalo apongozi akanatha kulikhomera mbali iliyonse. Iwo analitembenuzira mkati, kuti munthu wodutsa asavutike kuliona.